Batani la Nangula

M'kachitini ka fodya ka bambo anga
munkakhala batani limodzi lamkuwa
lokhala ndi nangula pamimba.
Ankalikwecha ndi phulusa ndi ndimu Loweruka lililonse,
mamendulo awo a ku Abisiniya akuchita dzimbiri m'sutukesi.

Mwini wake anali Tenente Sanvito, Mtaliyana.
Asilikali lilime linawakana, nangoti Che Savito.
Kwawo, ankatero, nyumba zimakwerana pathanthwe ngati mbuzi,
ndipo mwana amadziwa nkhafi asanadziwe nsapato.
Ndevu zisanamere anam'meta mpala kusukulu ya amalinyero,
naphunzira mfundo makumi atatu za chingwe,
kufunsa njira kwa nyenyezi,
ndi kusanza mwaulemu, msana atalozetsa kumphepo.

Mzere wagolide umodzi pamkono.
Zaka zisanu, wachiwiri.
Kenako anam'patsa kasitima kankhondo pa Nyanja Yofiira,
amuna makumi anayi, mizinga iwiri, mphaka mmodzi,
ndi dzuwa losungunula phula m'mipata ya matabwa.

Tsiku lake lalikulu silinamveke ndi mzinga.
Inabwera lamya: adani ali pakhomo,
mizani sitima yanu nokha.
Anatsika yekha kuchipinda cha injini,
natsegulira madzi ndi dzanja lomwe linkaisisita.
Anaima padoko, mphaka ali m'khwapa,
kuchitira sawasha chumuni
mpaka panatsala thovu ndi mafuta.

Anafika ku Zomba palole, ali mkaidi,
kumene phiri limatseka theka la thambo.
Anam'patsa fosholo, akonze ngalande za msewu wa ku Chawe,
ndipo anapatsa bambo anga, Kopolo Likaka,
mfuti ndi lamulo lakuti asam'chotse diso.
Athawira kuti munthu wa m'madzi
pakati pa mikungudza ndi anyani?
Mfuti inkatsamira mtengo.
Awiriwo ankakumba timaenje ta bawo m'mbali mwa Mulunguzi,
uyu Chitaliyana, uyu Chiyao,
Chinyanja chothyokathyoka chili mlatho pakati.

Lamulungu lina anapempha kukwera pamwamba penipeni.
Nkhungu itang'ambika, anauma ngati chitsa:
kutali kum'mawa, chinthu chotuwa chikunyezimira.
"Kopolo, madzi!"
"Ndi Chilwa ameneyo."
"Kuya kwake?"
"M'chiuno. Pena m'khosi mwa munthu wamfupi.
Chaka china amaphwa,
anthu n'kumapita ku Chisi wapansi."

Akuti anaseka mpaka kukhala pansi,
kuseka kuja kunasanduka china,
bambo n'kuyang'ana kumbali ngati akufuna fodya.
Atapukuta m'maso anati:
"Nyanja yoti sungamizemo sitima.
Amayi analakwitsa pondiberekera."

Nkhondo itatha lole yomweyo inabwera.
Analibe cholipira ngongole ya bawo, mipambano khumi ndi iwiri,
ndiye anadula batani ndi mano.
Kalata inafika kamodzi, pakati pa dzinja,
inki itasefukira m'mizere;
abambo a ku mishoni anangotolamo mawu atatu:
doko, chifuwa, moni.

Sindidziwa ngati anakweranso sitima,
ngati kwawo anam'landira ndi lipenga kapena ndi malovu.
Chimene anasiya kwathu ku Chinamwali ndi mfundo.
Timamangira mbuzi, timamangira mitolo panjinga,
siithina khosi, siimasuka yokha,
ndipo adzukulu anga amaitcha savito
osadziwa kuti akutchula munthu.

Chaka chija Chilwa anaphwa, ndinapita ku Kachulu.
Mabwato anali chafufumimba pamatope ong'aluka,
ana akusewera mpira pamene panali matemba.
Ndinayenda mtunda ndithu, batani lili m'thumba la malaya,
fumbi la pansi pa nyanja likundilowa m'mano.
Ndinkafuna kulikwirira pomwepo.
Ndinakumba ndi chala, ndinaliika, ndinaima.

Kenako ndinalitolanso.
Loweruka linali mawa lake,
ndipo ndimu ndinali nditagula kale.